Funsani Mmisiri: kashedi kosungiramo zida za kudimba

Moni nonse owerenga. Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya kanyumba kosungiramo zida za kumunda, nde ndasankhapo atatu ochokera madera osiyana chifukwa zomwe zingagwire ntchito ku Angonia kozizira sizingagwire chimodzimodzi ku Moatize.

FUNSO: Zikomo a Mmisiri. Ine ndimalima kachewere ndi kabichi kuno ku Domwe, dimba lili pafupi ndi nyumba. Vuto langa ndi loti pampu ya madzi, mapaipi, makasu, sipuleya ndi matumba a feteleza zonse zimagona kuchipinda komwe timagona ifeyo, mayi akunyumba atopa nalo fungo la mankhwala komanso ana amangogwiragwira chilichonse. Ndagulitsa mbatata ndasungako 20,000 meticais. Ndikufuna kashedi ka mamita 3 mulitali, 2 ndi hafu mulifupi. Anzanga ena akuti ingokhoma malata mbali zonse uthane nazo tsiku limodzi, ena akuti njerwa. Nditani, nanga ndalamayi ikwana? Bambo a ana anayi, Domwe, Angonia.

YANKHO: Bambo, choyamba mankhwala opopera aja achoke kuchipinda lero lomwe osadikira kuti shedi ithe, ayikeni mubokosi lokhoma ndi loko pamalo poti mwana sangafikire. Zimenezo zokha ndiye zandidetsa nkhawa kwambiri mukalata yanu.

Tsopano za kumanga. Ine ndinganene kuti njerwa, ndipo ndalama yanu yambiri ipite pansi ndi padenga. Khoma musalidandaule kwambiri, ku Angonia dothi labwino loumbira liripo, njerwa mukhoza kuumba nokha ndi achibale mukaotcha, koma chimene chimawononga katundu mushedi ndi chinyezi chochokera pansi ndi denga lodontha kapena losasuka ndi mphepo. Shedi ya malata mbali zonse imafulumiradi koma muwerenge malata ake, makoma anayi okha akudyerani malata ochuluka kuposa a denga, ndiye usiku wa mu Juni ndi Julaye kwanuko malata amachita thukuta mkati madzi nkumadonthera pa feteleza, komanso wakuba amangozula misomali itatu nkulowa. Pampu si chinthu choti muchisiye kuseri kwa lata.

Malo musankhe pokwera, poti madzi a mvula sadikha, kutali ndi chulu ndiponso osati pansi pa mtengo waukulu. Ngati nkotheka chitseko chiyang'ane kunyumba kuti muzichiona mukakhala pakhonde. Musanakumbe khomani zikhomo zinayi mumange chingwe, kenako yezani kuchoka pangodya ina kupita pangodya yopingasa, muyezenso mbali inayo, miyezo iwiriyo ikafanana ndekuti shedi yanu ili sikweya. Anthu ambiri amadumpha pamenepa nde amadzazindikira pofolera kuti malata akukana kukhala bwino, mbali ina yatsala mbali ina yapitirira. Maziko kumbani mpaka mupeze dothi lolimba, kawirikawiri masentimita 40 mpaka 50, ndipo njerwa za m'maziko zimangidwe ndi simenti olo kwinako mudzamange ndi dothi. Pansi pa shedi pakwere masentimita 15 kapena 20 kuposa bwalo. Thirani dothi, tsirani madzi pang'ono, sinjani mpaka lilimbe, yalani pulasitiki yakuda yokhuthala ija kenako konkire pamwamba pake. Kapulasitiki kena mudule mizere muyale pamwamba pa maziko musanayambe khoma kuti chinyezi chisakwere munjerwa. Pulasitiki ndi yotchipa kuposa china chilichonse pa ntchitoyi koma ndi imene anthu amaiwala.

Kuchuluka kwa zinthu kuli motere. Makoma anu kuzungulira ndi mamita 11, kutalika kupita mmwamba tinene mamita 2 ndi hafu kutsogolo ndi 2.2 kumbuyo kuti denga litsetsereke mbali imodzi, mukachotsa malo a chitseko mutsala ndi masikweya mita pafupifupi 24. Njerwa wamba zimalowa 50 mpaka 60 pa sikweya mita imodzi ya khoma la njerwa imodzi, kutengera chikombole chanu, nde mukaphatikiza za maziko ndi zosweka konzani 1,800 musadzachepekedwe. Mukafuna mabuloko a simenti a masentimita 40 ndi 20 aja, amalowa 12 ndi hafu pa sikweya mita, ndekuti pafupifupi 300 pa khoma. Simenti ya matumba a 50kg, konkire ya pansi yokhuthala masentimita 7 kapena 8 idya matumba atatu kapena anayi, maziko awiri atatu, khoma lonse mukamanga ndi simenti enanso atatu. Malata a mamita 3.6 asanu ndi limodzi akwana ndipo atsala malo oti denga lituluke kunja masentimita 30 kapena 40 mbali zonse, kumeneko nkofunika kuti mvula isamamenye khoma. Onjezani mabaroti (matabwa okhomerapo malata), misomali ya malata ya zisoti, misomali ya matabwa, waya, chitseko ndi felemu yake, mahinjesi ndi loko wabwino.

Lembani zimenezi papepala mupite nazo ku Ulongwe mufunse mashopu awiri atatu a zomangira, muchulukitse ndi mtengo wa tsikulo, musaiwale ya mmisiri ndi yonyamulira katundu kufika ku Domwe chifukwa transipoti imadya ndalama mwakachetechete. Ena a kufupi ndi malire amakagula ku Dedza kudzera pa Calomue, palibe vuto bola muwerengere kusintha kwa ndalama ndi za pachipata musanaganize kuti mwapeza zotchipa. Mmene ndikuonera ine, njerwa mukaumba nokha, mchenga ndi miyala mukatuta ndi ngolo, inuyo nkukhala wothandizira mmisiri, 20,000 ija ikhoza kufikitsa ntchito kumapeto. Mukagula chilichonse mpaka njerwa ndi mchenga, ikuthawani denga lisanakwere. Ikachepa, chotsani simenti ya khoma mumange ndi dothi, pulasitala adikire chaka chamawa, windo lagalasi silofunika. Koma pa malata musatsike. Malata amapita ndi geji, nambala ikamakula lata limapyapyala, geji 32 ndi yopyapyala kuposa 28, nde mukawona otchipa kwambiri agwireni kaye ndi dzanja muone mmene akupindikira.

Pofolera pali zinthu ziwiri zomwe ndikufuna muyimirire pomwepo muzione ndi maso anu. Mabaroti amangidwe ku khoma ndi waya wokhuthala yemwe wakwiriridwa mizere inayi kapena isanu ya njerwa kuchokera pamwamba, osati kungowasanjika nkuikapo miyala. Tonse tikukumbuka Januwale 2022 mmene namondwe Ana anachitira kuno ku Tete mpaka mlatho wa pa Revúbuè unaduka, koma olo kamphepo ka mvula yoyamba ya mu Novembala kamanyamula denga losamangidwa. Chachiwiri msomali ukhomedwe pamsana pa lata, pokwera paja, osati mumgwere momwe mumadutsa madzi, ndipo lata lina likwere pa linzake ndithu osangogundanitsa milomo.

Mkati siyani timabowo ta mpweya mmwamba mbali ziwiri zoyang'anizana, mutseke ndi waya wa sefa kuti makoswe ndi mbalame zisalowe. Feteleza, makamaka urea, amakoka chinyezi nkuuma gwa ngati mwala, nde matumba akhale pa matabwa osagunda pansi kapena khoma. Mankhwala pashelefu yawoyawo mmwamba. Ndipo poti ndinu mlimi wa kachewere ndinene izi, mbatata yakudya isagone mushedi imodzi ndi mankhwala, komanso imafuna mdima chifukwa ikamaona kuwala imabiriwira ndipo yobiriwirayo siyabwino kudya. Yambewu ndiye imafuna kuwala kosawomba mwachindunji ndi mpweya wambiri, yoyalidwa pa thandala mosaunjikana, kuti iphuke timaso tatifupi tolimba osati tatitali toyera tothothoka tija. Imeneyo muipangire kachisakasa kake kumbali kwa shedi, ka nsungwi ndi udzu kakwana.

Yambani ntchito mu Ogasiti kapena Seputembala, konkire muzithirira madzi masiku asanu ndi awiri musanayambe kulowetsa katundu wolemera.

FUNSO: A Mmisiri, ine ndimachita lendi ku Moatize, kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba ka masamba ndi nkhuku pang'ono. Ndinaona owotcherera zitsulo akupanga timanyumba ta malata tongonyamula, ndikufuna kamodzi koti ndizisungamo mbewu, chakudya cha nkhuku, wilibala ndi kachigubu ka petulo. Kodi ndi nzeru? Mayi wa ku Moatize.

YANKHO: Mayi, poti malowo si anu, kongonyamulako ndi nzeru ndithu, njerwa mukamanga pa malo a eni mudzazisiya pomwepo tsiku losamuka. Muwauze owotchererawo kuti akupangireni mapanelo omanga ndi mabawuti osati kuwotcherera zonse pamodzi, kuti pochoka muzidzamasula nkukweza pa galimoto. Eni nyumba muwauze musanabweretse, ndipo mugwirizane pamaso pa mboni kuti kanyumbako ndi kanu.

Koma zomwe mukufuna kusungamozo ndiye ndili nazo mawu. Inu mukudziwa kutentha kwa Moatize ndi Tete mu Okutobala ndi Novembala, panja pamadutsa madigiri 40, nanga mkati mwa bokosi la malata lotsekeka masana? Mbewu za masamba zikakhala motentha chonchi zimafa mphamvu, mudzafesa nkumadabwa kuti bwanji zamera zochepa. Mbewu zikhale mnyumba, mubotolo lotseka bwino, pamalo pozizira. Petulo ndiye ayi, amatuluka mpweya akatenthedwa ndipo mpweyawo umangofuna kamoto kochepa, ngati simungachitire mwina sungani wochepa muchigubu chake chenicheni chotseka bwino, pamthunzi podutsa mphepo kutali ndi pophikira. Chakudya cha nkhuku chikhoza kukhalamo bola mumgolo wa chivindikiro ndipo muzigula chongokwana masabata ochepa.

Kuti kanyumbako kasakhale ng'anjo, kaikeni kumene kumafika mthunzi madzulo, pakati pa khoma ndi denga pasiyidwe mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira wotseka ndi sefa, denga mulipake penti yoyera, ndipo pansi pa malata a denga mukhoza kumangirira mphasa kapena bango. Miyendo yake isakhale pa dothi, ikhale pa mabuloko kapena pa timizati ta konkire ndipo imangidwe kuti mphepo isakagubuduze. Zitsulo zipakidwe penti yoletsa dzimbiri ija yofiira musanakhome malata. Pofunsa mtengo funsani ngati malata, penti, loko ndi kubweretsa kunyumba zili momwemo, chifukwa nthawi zambiri mtengo woyamba womwe munthu amakuuzani ndi wa felemu yokha.

Kwa ena okhala mtauni amene malo ndi awo ndipo akufuna kumanga cha njerwa chokhalitsa, ku Tete, Moatize kapena Ulongwe, pitani kaye ku khonsolo mukafunse za chilolezo, ndipo onetsetsani kuti simukulumpha malire a pa DUAT yanu (chikalata cha boma chokulolani kugwiritsa ntchito malowo) kapena kuthirira madzi a denga pabwalo la aneba.

FUNSO: Ndinamanga chisakasa cha mitengo ya bulugama ndi udzu kumunda, chiswe chadya nsanamira zonse mvula ziwiri zokha. Ndalama ya simenti ndi malata ndilibe panopa. Ndipange bwanji? Mnyamata wa ku Furancungo.

YANKHO: Achimwene, musataye mtima, cha mitengo ndi udzu chimakhalitsa mukachisamala kumapazi. Mitengo idulidwe nthawi ya chilimwe, musende makungwa onse, iume kaye pamthunzi yosagona pansi, wauwisi wokhala ndi khungwa ndiye chakudya cha chiswe chenicheni. Mbali yolowa mdothi muiwaule pamoto mpaka kunja kuchite makala pang'ono, kenako muinyike mu oyilo wakuda wochotsa mu injini, amapezeka kumagalaja, ndipo oyiloyo afike chikhatho chimodzi kapena ziwiri pamwamba pa dothi chifukwa mtengo umayambira kuola pamalire pomwepo. Samalani kuti oyiloyo asatayikire mdimba kapena pafupi ndi chitsime. Mudzenje ikani mwala pansi ndi timiyala mmbali musinje, osabwezeramo dothi lokhalokha.

Mukapeza olo thumba limodzi lokha la simenti, umbani timizati tatifupi totuluka pamwamba pa dothi mutazikamo kachitsulo, nsanamira ikhale pamwamba pake yomangidwa ku kachitsuloko, isagunde dothi nkomwe. Chiswe chikafuna kukwera chimayamba chamanga kanjira kake ka dothi poonekera, nde inu mukamadutsa sabata iliyonse mumangokaphwanya. Udzu ufoleredwe mokhuthala pa denga lotsetsereka kwambiri kuti madzi asamachedwepo, ndipo lambulani mamita angapo kuzungulira chisakasacho isanafike nthawi yomwe anthu amatentha tchire posaka mbewa. Zida zodula monga pampu kapena sipuleya musazigoneke kumunda muchisakasa chopanda loko, muzibwera nazo kunyumba madzulo.

Mwezi wamawa tiyankha mafunso a nkhokwe ndi matumba osungira chimanga, amene muli nawo tumizani msanga.