Mfumu ikaphwanya Magna Carta, ankaigwira ndani?

Wowerenga wina watilembera imelo kufunsa kuti: "Ndimamva kuti Magna Carta ya mu 1215 ndi imene inaika mfumu ya ku England pansi pa malamulo. Koma asilikali anali a mfumu, makhoti a mfumu, ndende za mfumu. Nanga ikaphwanya lamulolo, akanaigwira ndani? Kapena zinali zongolemba?"

Amene analemba chikalatachi anadzifunsanso funso lanu lomweli, ndipo yankho lawo analiika mu ndime 61. Linagwa pasanathe miyezi itatu. Chimene chinadzapulumutsa Magna Carta ndi msonkho, koma tiyambe ndi mkangano umene unabala chikalatachi.

Mfumu John inataya dera la Normandy mu 1204, Philip II wa ku France atalilanda. Zaka khumi zotsatira inakhala ikusonkhanitsa ndalama zoti ikalandenso deralo, ndipo amene inawafinya kwambiri anali mabaroni, akuluakulu amene ankasunga malo a mfumu ndi kuipatsa asilikali. Baroni akamwalira, mwana wake ankalipira mfumu kuti alowe m'malo mwa bambo ake, koma mtengo wake sunali wokhazikika. John de Lacy anauzidwa mu 1213 kuti apereke ma mark 7,000, pamene mark imodzi inali magawo awiri mwa atatu a paundi. Geoffrey de Mandeville analonjeza ma mark 20,000 kuti akwatire Isabella wa ku Gloucester, mkazi amene mfumu yomweyo inamusiya. Ndalama zoterezi munthu sakanatha kumaliza kubweza, ndipo mfumu inkadziwa zimenezo. Ngongoleyo inali chingwe cha m'khosi: ukachita mwano, akukumbutsa. Wolimbana nayo ankaona zimene zinagwera Matilda de Briouze ndi mwana wake, amene anafa ndi njala m'ndende mu 1210. Nkhondo imene ndalama zonsezi ankazisonkhanitsira inathera pa Bouvines pa 27 July 1214, mbali ya John itagonja. Mabaroni anagalukira, pa 17 May 1215 analowa mu London, ndipo pa 15 June mfumu inavomera chikalatacho pa dambo la Runnymede m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Sinasaine ndi cholembera monga zithunzi zina zimaonetsera. Anthu ake anaikapo chidindo cha phula.

Zambiri za m'chikalatamo ndi mitengo ndi masiku. Wolowa ubaroni alipire mapaundi 100, osapitirira. Wolowa malo a msilikali wa pakavalo alipire masheleni 100. Mkazi wamasiye akhale m'nyumba ya mwamuna wake masiku 40 ndipo asakakamizidwe kukwatiwanso. Mfumu isaitanitse msonkho wapadera popanda uphungu wa akuluakulu a dziko, kupatula pa zinthu zitatu: kuwombola mfumu ikagwidwa, mwambo wolowetsa mwana wake wamwamuna woyamba usilikali wa pakavalo, ndi ukwati woyamba wa mwana wake wamkazi wamkulu. Oitanidwa ku msonkhano wa msonkhowo adziwitsidwe masiku 40 tsiku lisanafike. Ndime 39 ndi 40, zimene zimatchuka lero, zimati mfulu asamangidwe kapena kulandidwa katundu popanda chiweruzo cha anzake ofanana naye kapena lamulo la dziko, ndiponso kuti chilungamo chisagulitsidwe, chisakanizidwe, chisachedwetsedwe. Mawu akuti mfulu muwamvetse bwino: alimi ambiri a m'midzi, amene anali omangika pa malo a mbuye wawo, sanali m'gululi.

Tsono ndime 61. Mabaroni anayenera kusankha anzawo 25, ndipo meya wa London anali mmodzi mwa osankhidwawo. Mfumu kapena mtumiki wake akalakwira munthu, wodandaula ankauza anayi mwa 25 aja. Anayiwo ankapita kwa mfumu, kapena kwa woweruza wamkulu ngati mfumu ili kunja kwa dziko, kukapempha kuti cholakwacho chikonzedwe. Mfumu inali ndi masiku 40. Akatha popanda kanthu, nkhani inkapita kwa onse 25, ndipo iwo pamodzi ndi anthu a dziko lonse anali ndi chilolezo cholanda malinga, minda ndi katundu wa mfumu mpaka itakonza. Chimene sakanakhudza ndi thupi la mfumu, la mfumukazi ndi la ana awo. Akasiyana maganizo, mbali ya ambiri mwa opezekapo inkapambana. Mmodzi akamwalira, otsalawo ankasankha wina.

Pongowerenga, dongosololi likuoneka lolongosoka. Koma taonani amene akuweruza. Pafupifupi onse 25 anali a mbali yogalukira, ndipo ena mwa iwo anali ndi milandu yawoyawo ya malo ndi malinga imene ankalimbirana ndi mfumu. Wodandaula ndi woweruza anali munthu mmodzi. Panalibe wina wapakati woti anene ngati dandaulo lili loona. Chinanso, chilango chake chinali chimodzi chokha, kulanda malinga, ndipo linga lokhala ndi asilikali sililandidwa ndi kalata. Kunena mosabisa, ndimeyi inangolemba nkhondo yapachiweniweni m'chilankhulo cha malamulo.

Vuto lina linali ku Roma. Mu 1213 John anapereka England m'manja mwa Papa Innocent III nalonjeza ma mark 1,000 chaka chilichonse, motero Papa anakhala mbuye wake pa nkhani za dziko. Ngakhale ndime 61 inaletsa mfumu kupempha wina aliyense kuti afafanize chikalatacho, John anatumiza uthenga kwa Papa. Pa 24 August 1215, masabata khumi okha chichokereni ku Runnymede, Papa anathetsa chikalatacho ponena kuti mfumu inavomera mokakamizidwa. Stephen Langton, akibishopu wa Canterbury amene anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, anaimitsidwa pa udindo. Mabaroni nawo sanatuluke mu London. Nkhondo inayamba. Pozinga linga la Rochester, limene linali m'manja mwa ogalukira, John anaitanitsa nkhumba zonona 40 kuti mafuta ake akolezere moto m'ngalande imene anakumba pansi pa nsanja, ndipo ngodya ya nsanjayo inagwa. Mabaroni anaitana Louis, mwana wa mfumu ya ku France, kuti adzakhale mfumu yawo, ndipo iye anafika mu May 1216.

Zinasintha John atamwalira ku Newark mu October 1216, ufumu n'kugwera mwana wake Henry III wa zaka 9. William Marshal, amene ankalamulira m'malo mwa mwanayo, anatulutsanso chikalatacho mu November kuti akope ogalukira, ndipo nthumwi ya Papa inaikapo chidindo chake. Anachotsamo ndime 61 yonse, pamodzi ndi ndime yofuna uphungu pa msonkho. Anthu ambiri sadziwa kuti Magna Carta imene inakhala lamulo ilibe ndime yogwirira mfumu.

Nanga inalimba bwanji? Ndalama za minda ya mfumu ndi za makhoti sizinkakwanira nkhondo. Msonkho wa pa katundu wa munthu aliyense unkabweretsa zambiri, koma kuutolera kunkafuna anthu a m'madera oti awerengere ziweto ndi mbewu mudzi ndi mudzi, ndipo zimenezo sizikanatheka akuluakulu atakana. Mu 1225 Henry anafuna ndalama zotetezera malo ake a ku Gascony, dera la ku France. Akuluakulu anavomera kupereka gawo limodzi mwa magawo 15 a katundu wawo wonyamulika, iye n'kutulutsanso chikalatacho. Malondawo analembedwa m'chikalata momwemo, pamodzi ndi mawu oti mfumu yapereka mwa kufuna kwake. Apa panalibenso wonena kuti inakakamizidwa, chifukwa inalandira malipiro. Kuyambira pamenepo, mfumu ikafuna msonkho, akuluakulu ankayamba aitanitsa kuti itsimikizenso chikalatacho. Ankachiwerenga poyera m'makhoti a m'madera, ndipo mu 1253 mabishopu analengeza ku Westminster Hall kuti wochiphwanya achotsedwa mu mpingo. Mfumu Edward I, mwana wa Henry, anachitsimikizanso mu 1297, nayenso ali pa mavuto a ndalama za nkhondo.

Izi sizikutanthauza kuti mafumu anasiya kuphwanya. Henry III yemwe uja anadzamenyana ndi mabaroni ake mu 1264, ndipo mu 1628 Edward Coke ndi anzake m'nyumba ya malamulo ankakumbutsabe Charles I za ndime yoletsa kumanga munthu popanda mlandu, pa nthawi imene mfumuyo inkamanga okana kuibwereka ndalama. Mukafuna kuona ndime 61 ndi maso anu, ili m'makope anayi a mu 1215 amene alipobe: awiri ku British Library, limodzi ku Lincoln, lina ku Salisbury.