Usathawe mpando wakutsogolo

Mnyamata wina wa ku Diepsloot wandifunsa kuti: "Agogo, amalume amati ndiziphunzira pa zimene ndikuona kuno ku Joni. Koma ine ndimangokwera takisi kupita kuganyu n'kubwerako. Ndiphunzirapo chiyani? Ngakhale mpando wakutsogolo ndimauthawa, kuopa kuwerenga ndalama."

Mdzukulu wanga, mpando ukuuthawawo ndiye uli ndi maphunziro. Kwathu minibasi ili ndi kondakitala, koma m'minibasi za kuno, zimene amazitcha takisi, mulibe. Ndalama zimachoka kumbuyo, mzere ndi mzere, kudutsa m'manja mwa anthu osadziwana, mpaka kwa iwe wakhala pafupi ndi dalaivala. Uwerenge, ubweze chenji, aliyense alandire yake. Pakasowa R2 yokha, dalaivala akhoza kuimika galimoto pambali mpaka ipezeke, anthu onse n'kuchedwa kuntchito. Ndalama ya mwini imafunika kugwiridwa choncho, poyera, ukutchula mokweza kuti walandira zingati. Mawa anzako akadzakusungitsa za chipereganyu, kapena zopereka zotumizira maliro kumudzi, adzayang'ana manja omwewo. Ndaona amuna a ndevu zawo akusiya kubwera kumisonkhano ya a kwathu chifukwa cha ndalama za maliro zimene "anangobwereka".

Kuopa kwako ndikukumvetsa. Ukayankhula, lilime limakuulula kuti ndiwe mlendo, ndipo ife amene tinaona ziwawa zolimbana ndi alendo zimene zinayambira ku Alexandra, kuno ku Joni, mu 2008 sitiseka mantha otere. Komabe kukhala duu sikubisa munthu. Ukamalowa nena "Sanibonani", ngakhale Chizulu chako chithere pomwepo. Amayi ako sanakulere kuti uzikhala pambali pa munthu wamkulu osamulonjera.

Za njira, funsa. Chala choloza kumwamba n'chopita m'tauni, choloza pansi n'chapafupi, koma zizindikiro zina zimasiyana malo ndi malo. Pa Bree kapena pa Noord, malo akuluakulu okwerera takisi m'tauni, funsa okonza mizere, osati aliyense wokuyandikira ndi nkhope yachifundo. Safunsa anadya phula, komanso wofunsa aliyense anabwerera wopanda foni.

Azigogo anu ankabwera pa Wenela, atalembedwa kale ntchito, wowatsogolera alipo mpaka kumgodi. Iwe unatsika wekha pa Park Station, pofikira mabasi, ndiye maso ndi makutu zigwire ntchito. Ndipo m'mawa usamapereke R200 m'takisi. Sintha ndalama madzulo pa sipaza, kagolosale ka m'dera, chifukwa amene wakhala kutsogoloyo nayenso ndi mwana wa munthu, akutuluka thukuta ndi masamu.