Amalume, za Israel ndi Palestine zija

Amalume, ndamva funso lanu lija, lakuti popeza anasayinirana ku Egypt mu Okutobala 2025, kodi ndiye kuti Aisraeli ndi Apalestina agwirizana tsopano? Ayi ndithu, sizinafike pamenepo. Chinachitika n'chakuti anagwirizana zosiya kuomberana, a Hamas, gulu la Apalestina la ku Gaza, n'kumasula anthu 20 amoyo omwe anatsala mwa aja anawagwira pa 7 Okutobala 2023, Israel nayo n'kutulutsa Apalestina pafupifupi 2,000 m'ndende zake. Si zazing'ono zimenezo, makolo anaonanso ana awo. Koma taonani bwino zithunzi za ku Sharm el-Sheikh, kumene anasayinirana kuja: Netanyahu, nduna yaikulu ya Israel pa nthawiyo, palibe, a Hamas palibe. Anasayina pamenepo ndi Trump ndi atsogoleri a Egypt, Qatar ndi Turkey. Inu mwakhalapo nkhoswe, amalume. Ankhoswe atagwirana chanza pabwalo eni banja kulibe, mungati mlandu watha?

Ankhalapakatiwo ntchito akugwira, eetu. Boma la Israel ndi Hamas sakambirana maso ndi maso, ndiye uthenga umayenda ndi anthu ena. Qatar amatha kuyankhula ndi onse chifukwa ofesi ya Hamas ili ku Doha, likulu la dzikolo, komanso asilikali ambiri a America ali m'dziko lomwelo. Egypt ndi amene ali pachipata cha Rafah, cholowera ku Gaza. Komabe mu Sepitembala 2025 Israel inaponya mabomba mu Doha momwemo, kufuna kupha akuluakulu a Hamas omwe ankakambirana nawo. Tangoganizani.

Chimene chimandikayikitsa ine n'chakuti zoterezi tinaziona kale. Mu 1993 a ku Norway anakumanitsa mobisa Aisraeli ndi Apalestina, mpaka Rabin, nduna yaikulu ya Israel, ndi Arafat, mtsogoleri wa Apalestina, anagwirana chanza ku Washington, Clinton pulezidenti wa America ali pakati. Koma nkhani zenizeni anati tidzakambirana m'tsogolo: Yerusalemu akhale wa ndani, malire adutse pati, nanga mabanja a Apalestina omwe anachoka kwawo pa nkhondo ya 1948 abwerere kapena ayi. Mu 1995 Rabin anaomberedwa ndi Mwisraeli mnzake chifukwa cha mgwirizano womwewo. Mu 2000 anayesanso ku Camp David, ku America, zinakanika. Nthawi yonseyi midzi ya Aisraeli ku West Bank ikungokula, pano muli anthu oposa 500,000, pamalo omwewo amati padzakhale dziko la Palestine. Mugawa bwanji malo oti wina wamangapo kale nyumba, misewu ndi masukulu?

Ndiye funso lina, asayine ndani? Apalestina ali pawiri, Hamas inalanda Gaza mu 2007, pomwe Abbas, pulezidenti wa Apalestina, ali ku Ramallah ku West Bank, ndipo chisankhidwire mu 2005 sanapikisanenso pachisankho. Kwinaku Netanyahu ananena poyera kuti dziko la Palestine sililoledwa. Britain, France, Canada ndi Australia analivomereza dzikolo mu 2025, koma papepala basi, sizinachotse msilikali ngakhale mmodzi pamsewu. America yekha ndiye angakakamize Israel, popeza zida zambiri zimachokera kwa iye, koma pachifukwa chomwecho Apalestina samuona ngati wapakati.

Tsono mukamva pawailesi kuti agwirizana, muzimvetsera ngati atchulapo Yerusalemu, malire ndi midzi ija. Za mwana wa azakhali amene akufuna kukagwira ntchito ku mafamu a ku Israel, ndikuimbirani madzulo, si nkhani ya pagulu pano.