Kodi ndingakane mphatso ya Khirisimasi kuti ndalamazo zithandize ovutika?

Achemwali ena omwe amagwira ntchito ku Johannesburg andilembera kufunsa ngati nkulakwa kuuza abale ndi anzawo kuti chaka chino asawagulire mphatso, ndalamazo azipereke kwa ovutika. Akuopa kuti anthu aziti akudzimva. Funsoli landikhudza mumtima, chifukwa kwathu nkhani yomweyi inatiyambanitsa.

Munali mu 2023. Namondwe wa Freddy anali atagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche m'mwezi wa Malichi, ndipo pofika Novembala boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu nkukwera mosaneneka. Mng'ono wanga analemba pa gulu la banja la WhatsApp kuti ndalama zomwe timasonkha chaka chilichonse zogulira mbuzi, mpunga ndi zakumwa tigulire ufa ndi mabulangete anthu omwe anataya zonse. Ine ndinavomera. Azakhali anayankha ndi mawu ojambula, mawu awo akunjenjemera: "Ana inu, ovutika mukukawafuna kutali chonchi? Agogo anu ku Phalombe munda wawo unakokoloka, mwaiwala?" Gulu lonse linangoti zii.

Azakhali ananena zoona, ndipo mpaka lero ndimaima nawo. Chitenje, shuga ndi sopo zomwe timatumizira agogo pa Khirisimasi ndi zomwe amadalira mpaka nthawi yokolola. Diresi latsopano la mwana yemwe chaka chonse wavala za kaunjika zong'ambika musaligwire. Chomwe muli ndi ufulu wokana, achemwali, ndi chomwe chikubwera kwa inu, monga mafuta onunkhira kapena chikwama chachitatu. Za anzanu musawalamulire, ndipo amene amachititsa ena manyazi chifukwa aphera nkhuku ana awo akulakwitsa.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi chifundo cha tsiku limodzi. Pa 25 Disembala anthu amadzaza m'mawodi a zipatala atanyamula majumbo, wina akujambula, madzulo nkhope ya mayi wodwala ili pa Facebook iye osafunsidwa. Ndinaonapo mayi woyang'anira wodwala akuphimba nkhope ndi chitenje dzanja lina akulandira paketi ya shuga. Chikhalirecho njala yeniyeni imaluma mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, chimanga chisanakhwime, fizi ikufunika. Nthawi imeneyo ojambula aja sapezeka. Omwe ndimawalemekeza ndi amayi a Mvano ndi a Dorika omwe amayendera odwala chaka chonse, komanso ntchito ngati ya Mary's Meals, yomwe inayambira kuno ku Malawi mu 2002 ndipo imapatsa ana phala tsiku lililonse la sukulu. Azimayi ongodzipereka amadzuka m'bandakucha kukoleza moto wa phalalo, ndipo ana ambiri amalimbikira sukulu chifukwa cha kapu imodzi imeneyo.

Tsono muwauze bwanji?

Auzeni mu Novembala, asanagule. Tchulani malo enieni omwe ndalamazo zikupita, perekani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu wodalirika, ndipo mudzawaonetse malisiti. Yambani kupereka ndinu. Wina akabwerabe ndi mphatso, ilandireni ndi manja awiri, muthokoze, osamukumbutsa zomwe munapempha.