Ana anga amangodziwa kulandira pa Khrisimasi: yankho kwa mayi a ku Chibavi

Mayi ena a ku Chibavi kuno ku Mzuzu andilembera pa imelo. Ali ndi ana awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 11. Akuti Disembala ikangolowa, m'nyumba mwawo mumamveka funso limodzi lokha: "Amayi, mutigulira chiyani?" Tsono akufunsa kuti angawaphunzitse bwanji anawo kupatsa pamene iwonso ndalama n'zoperewera, komanso ngati kuli bwino kuwatengera kumalo osungirako ana amasiye kukasiya zovala zakale.

Mayi, choyamba musawakalipire anawo. Mwana amene amaona mpunga wa Kilombero, nkhuku ndi Fanta pa tsiku limodzi, atavalanso malaya atsopano, ayenera kuliyembekezera tsikulo. Chisangalalo chimenecho musawalande. Chofunika n'chakuti m'kati mwake mukhalenso gawo limene mwanayo akutulutsa chake, ndipo chikhale chakedi. Mukagula nokha shuga n'kumupatsira m'manja kuti akapereke, wopatsa ndinu, iye wangotumidwa.

Yambani msanga. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ndi poyambira pabwino chifukwa ana amakhala atangoona akuluakulu akupereka zitenje kwa makolo awo. Tengani botolo la Sobo lopanda kanthu, ng'ambani kampata pakhosi pake, muliike pamalo oonekera. Chenji cha ku chigayo, K100 imene amalume anamupatsa, K200 imene akanagulira mandasi pa buleki, aziponyamo yekha. Inunso muziponyamo iwo akuona. Ngati muli pa banki m'khonde ndipo mumagawana kumapeto kwa chaka, tsiku logawanalo ikanimo kenakake n'kuwauza kuti ichi n'cha anzathu. Ndalama zikasoweratu, wamkuluyo akhoza kusamalira kamwanapiye kapena kabedi ka mpiru kuseri kwa nyumba, akudziwiratu kuti zikakula zidzapita kwa wina.

Za kumalo a ana amasiye, ine ndikuti musayambire kumeneko. Kupita sikolakwika, koma ana amasiye ambiri m'dziko muno sakhala m'malo otere. Ali m'makomo, akuleredwa ndi agogo awo, azakhali kapena achemwali awo amene nawonso ndi ana. Ali mumsewu wanu womwewo, mumatunga nawo madzi pa mpopi umodzi. Mwana akapereka kwa anthu amene sadzawaonanso, amaiwala pofika Chaka Chatsopano. Akapereka kwa agogo a kuseri kwa nyumba, amawaonanso mawa lake, amawapatsa moni, tsiku lina amawanyamulira ndowa popanda womutuma.

Mwambo umene ndimaukonda kwambiri ndi wa mbale yoyamba. Tsiku la Khrisimasi, mpunga ukapsa, wina aliyense asanasambe m'manja, pakulani mbale imodzi ya chivindikiro, muikemo nthuli yabwino, osati khosi kapena zipalapasiro. Imangeni pa kansalu koyera, ana aitenge. Akafika aodire, agwade kapena anyonyomale, apereke ndi manja awiri, akhale pansi pang'ono kucheza. Asangoponya mbale pakhomo n'kuthamanga. Agogo ambiri kuno adzawayankha m'Chitumbuka, mwina n'kuwabwezera mbaleyo muli nthochi kapena chinangwa. Auzeni ana alandire ndi ulemu womwewo, chifukwa wosauka nayenso amafuna kupatsa, ndipo kumukanira n'kumunyoza.

Zovala zakale zili bwino ngati zikadali zoti mwana wanu angavale kupita nazo kutchalitchi. Zong'ambika zikhale zokolopera. Mwana asankhe yekha, azichape, wamkuluyo asite. Juzi ndi bulangete musazione ngati zosafunika poti ndi Disembala. Mvula ya kuno imabwera ndi chisanu, ndipo Juni akafika aliyense amadziwa mmene Mzuzu amazizirira.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse: foni isiyeni kunyumba. Musajambule wolandirayo n'kuika pa Facebook kapena pa WhatsApp. Mwana akaona kamera amaphunzira kuti timapatsa kuti atione, ndipo mnzake amene walandira nsapatozo adzasekedwa nazo kusukulu.

Mukafuna kufika patali, ku Mzuzu Central Hospital kumabwera odwala otumizidwa kuchokera m'maboma a chigawo chonse cha kumpoto, monga Chitipa, Karonga, Rumphi ndi Nkhata Bay. Odikirira odwalawo ambiri alibe m'bale mumzinda muno, ndipo ufa, sopo ndi makala zimawathera. Musangofika ndi ana m'mawodi; funsani kaye akuluakulu a chipatala, kapena dzerani kwa amayi a Umanyano, kulimana kwanu, kaya gulu lililonse la mpingo wanu limene limayendera odwala. Ana akhoza kulongedza katunduyo kunyumba ngakhale osalowa nawo. Anzathu achisilamu ali ndi chitsanzo chabwino pa izi: mapemphero a Eid ya kumapeto kwa Ramadan asanayambe, banja limapereka chakudya kwa osowa m'dzina la munthu aliyense wa m'nyumbamo, ngakhale mwana wamng'ono amawerengedwa.

Koma nthawi imene anthu amavutikadi ndi Januwale ndi Febuluwale. Pa Khrisimasi opatsa amachuluka, kenako onse amazimiririka, pamene chimanga cha chaka chatha chatha, cha m'munda chisanakhwime, mtengo wake pamsika wakwera. Sukulu nazo zimatsegulira nthawi yomweyo. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, koma makope, zolembera ndi yunifolomu kholo limagula lokha, ndipo pali ana amene amakhala kunyumba chifukwa cha zimenezi. Choncho mukatsegula botolo lija pa 24 Disembala, werengani pamodzi ndi ana, mugawe pawiri. Gawo lina ligule shuga ndi sopo wa agogo aja, lina lisungidwe. Sabata yotsegulira sukulu pitani nawo kumsika waukulu akagule makope, ndipo wa zaka 11 uja mumufunse mwakachetechete kuti m'kalasi mwake ndani amalemba maphunziro onse m'kope limodzi. Amamudziwa. Makopewo adzere kwa aphunzitsi kapena kwa kholo, asaperekedwe pamaso pa kalasi.

Wamng'onoyo mwina adzalira ikafika nthawi yotulutsa ndalama zake kapena malaya amene anasankha. Musamukakamize kapena kumutcha woumira pamaso pa mkulu wake. Musiyireni chakecho, chaka chino anyamule mbale ya mpunga basi.