Zoti selo limaphwanya mapuloteni ake omwe

Mwafunsa kuti ngati selo limavutika kupanga mapuloteni, nanga bwanji limawaphwanyanso lokha, si kuononga kumeneko? Ayi achimwene, selo loti lasiya kuphwanya silikhalitsa, limafa ndithu.

Makina ake amatchedwa proteasome. Pakati pake pali ngati kamgolo, mphete zinayi zosanjikizana, iliyonse ya tizigawo 7, zonse pamodzi 28, gawo limeneli ndi lomwe amati 20S. Zodulira zili mkati mwenimweni, m'mphete ziwiri zapakatizo, ndiye puloteni yongodzidutsira panja singadulidwe mwangozi. Kukamwa kwake kuli chivindikiro chotchedwa 19S, chimagwira puloteni, kuitambasula poti imakhala yopindikapindika, nkuikankhira pakabowo pogwiritsa ntchito mphamvu ya ATP, yomwe ili ngati batire la selo. Zotuluka ndi tizidutswa tifupitifupi, ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo) ena amamalizitsa mpaka kukhala ma amino acid, njerwa zomangira mapuloteni, oti amangirenso zina.

Komatu kwa ine nzeru zenizeni sizili pa makinawo, zili pa amene amasankha kuti iyi ipite. Pali kapuloteni kena, ubiquitin, ka ma amino acid 76 basi, kamamatidwa pa puloteni yoti iphwanyidwe kenako kena pamwamba pake mpaka kupanga tcheni, ndipo chivindikiro chija chikaona tchenicho ndi pomwe chimagwira. Omata ndi ma enzyme atatu olandizana, E1, E2 ndi E3, koma wozindikira puloteni ndi E3, nchifukwa chake mwa munthu alipo mitundu yopitilira 600. Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose analandira Nobel ya chemistry mu 2004 chifukwa chotulukira zimenezi.

Ndipo musaganize kuti zimapita zoonongeka zokha. Ma cyclin, mapuloteni oyendetsa kugawikana kwa selo, amaphwanyidwa ali bwinobwino, nthawi yawo ikangokwana, kuti selo lithe kumaliza kugawikana.

Apa ndi pomwe matenda amalowerera. HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero kaja, kali ndi puloteni yake E6, imanyengerera E3 ina kuti imate tcheni cha ubiquitin chija pa p53, puloteni yomwe ntchito yake ndi kuimitsa selo lomwe DNA yake yaonongeka, ndiye p53 imaphwanyidwa selo nkumangogawikana. Madokotala nawo anaitembenuza nkhaniyi, mankhwala a bortezomib omwe anavomerezedwa ku America mu 2003 amatseka proteasome dala, ndipo maselo a khansa ya m'magazi yotchedwa multiple myeloma poti amapanga ma antibody (mapuloteni olimbana ndi matenda) ambirimbiri amadzadza ndi mapuloteni oonongeka mpaka kufa msanga kuposa maselo ena.