Funsani Tikuyankheni: Mgodi wa chitsulo wa ku Simandou unachedweranji chonchi?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala kufupi ndi Nkaya ku Balaka, tsiku ndi tsiku timaona sitima ya malasha ikudutsa ndi mabogi osawerengeka ulendo wa ku Nacala. Nde mwana wanga anandiwerengera pa foni kuti ku Guinea atsegula chimgodi cha chitsulo koma ati zinawatengera zaka pafupifupi 30 kuti ayambe kugulitsa. Zoona zimenezi? Miyala ili pomwepo m'phiri, chovuta nchani kungokumba nkugulitsa? Ndine bambo wa ku Nkaya.

YANKHO: Bambo, mwana wanuyo sananame ayi. Malowo ndi mapiri a Simandou, kummwera chakummawa kwa Guinea, dera la ku Beyla ndi Kérouané. Kampani ya Rio Tinto inapatsidwa chilolezo chofufuza kumeneko mu 1997, koma mwambo wotsegulira unachitika mu November 2025, nde muwerenge nokha, ndi zaka 28 zimenezo. Mwana wobadwa chaka chimene anayamba kufufuzacho pano ali pa banja.

Miyalayo payokha ndi yabwino zedi, mu makilogalamu 100 a mwala pafupifupi 65 amakhala chitsulo chenicheni pamene yambiri ya ku Australia imasewera cha m'ma 60 kapena 62, ndipo amene ali ndi ng'anjo zosungunulira amaikonda chifukwa siidya malasha ambiri. Kukumbanso sikuti nkolowa pansi ngati migodi ya golide ya ku Joni, amangosenda phiri pamwamba, kuboola maenje, kuphulitsa, zimakina nkutapa kuthira m'zimagalimoto zoti tayala lake limodzi kutalika kuposa munthu, kukagaya, basi lamba nkumakatula mulu wa dothi lofiira pafupi ndi njanji.

Koma yankho lenileni la funso lanu mumaliona tsiku lililonse pakhomo panu pomwepo, ndi njanjiyo. Mwala wa chitsulo ndi katundu wolemera koma wotchipa. Zaka zaposachedwapa tani imodzi yakhala ikugulidwa cha m'ma madola 100 a ku America, ndipo tani ndi matumba 20 a 50kg aja timaikamo chimanga, kutanthauza kuti thumba limodzi ndi madola 5 basi. Nde Simandou ali kutali ndi nyanja makilomita oposa 600, kudutsa nkhalango, mitsinje, mapiri. Cholinga chawo nchakuti mgodi ukadzafika pachimake azitulutsa matani 120 miliyoni pa chaka. Ndinakhala pansi nkuwerengera, mutati munyamule pa malole a matani 30, pangafunike maulendo pafupifupi 11,000 tsiku lililonse, palibe msewu ungapirire zimenezo ndipo phindu lonse lingathere pa dizilo. Choncho asanagulitse ngakhale fosholo imodzi anayenera kumanga njanji yatsopano yodutsa dziko lonse, milatho yambirimbiri, kuboola mapiri kuti sitima izidutsa mkati, komanso doko latsopano ku Morebaya m'boma la Forécariah. Zonse pamodzi zadya madola pafupifupi 20 biliyoni kapena kuposa, ndipo gawo lalikulu lalowa ku njanji ndi doko osati ku dzenje la mgodi.

Panali njira yachidule yodzera ku Liberia kukatulukira pa doko la Buchanan, makampani ankaifuna chifukwa ikanatchipa, koma boma la Guinea linakana, linati njanji idutse m'dziko mwawo kuti idzanyamulenso anthu ndi zokolola. Ine pamenepa ndili mbali ya boma ngakhale zinachedwetsa ntchito.

Vuto lina linali katangale. Mu 2008 pulezidenti Lansana Conté atatsala pang'ono kumwalira, boma lake linalanda theka la malowo kwa Rio Tinto nkupatsa kampani ya BSGR ya wabizinesi wa ku Israel Beny Steinmetz, ndipo mu 2010 kampaniyi inagulitsa masheya 51 pa 100 alionse kwa Vale ya ku Brazil pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni. Inde bambo, Vale yomwe ija inamanga njanji yochokera ku Moatize kudzera kwanu ku Nkaya. Mu 2014 boma la Alpha Condé linalanda ziphasozo ponena kuti zinapezeka mwa ziphuphu, ndipo mu 2021 khoti la ku Geneva linamupeza Steinmetz wolakwa pa mlandu wa ziphuphu. Pakati pomwepo kunagwa Ebola, mtengo wa chitsulo nkugwa mpaka pansi pa madola 40 kumapeto kwa 2015, amene akanaika ndalama onse anabwerera mmbuyo. Zinadzayamba kuyenda a ku China atalowapo ndi mphamvu, gulu la Winning Consortium Simandou linawina theka lija mu 2019, Rio Tinto ndi kampani ya ku China ya Chinalco nkutsala ndi theka linalo, kenako Mamady Doumbouya amene analanda boma mu 2021 anaimitsa ntchito mu 2022 kufikira magulu awiriwa atagwirizana zomanga njanji imodzi yogawana, boma nkukhala ndi masheya 15 pa 100 alionse.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine changa nchokhudza anthu a m'midzi. Mgodi ngati umenewu ukabwera kumudzi kwenikweni, eni nthaka amapindula chani? Ntchito zimakhalapo zoti ana awo nkulembedwa? Mayi wa ku Karonga.

YANKHO: Mayi, funso lanu landikhudza, ndipo ndikudziwa kuti kwanuko nkhani za migodi si zachilendo chifukwa cha Kayelekera. Ntchito zimakhalapo zambiri nthawi yomanga, ku Simandou analemba anthu masauzande ambirimbiri, oyendetsa makatapila, owotcherera, omanga, ophika, alonda. Vuto ndi loti njanji ikatha kumangidwa ntchito zambiri zimatha nayo limodzi, mgodi wamakono umayendetsedwa ndi zimakina ndi anthu ochepa amene anaphunzira, nde mnyamata amene anasiya munda nkukalowa ganyu yoyala njanji amabwerera kumudzi kumene mwina munda uja pano padutsa njanji yomweyo, chipukuta misozi anadya kale ndipo mitengo ya zinthu pamsika inakwera chifukwa cha obwera. Pa ntchito yomangayi pafanso antchito pa ngozi, zimenezo tisamazilumphe tikamatchula ma biliyoni.

Kwinaku asodzi a kufupi ndi doko akhala akudandaula kuti nsomba zachepa, alimi akudandaula za matope olowa m'minda ndi m'mitsinje. Mapiri a Simandou ndi kochokera mitsinje yomwe ina imakathira mu mtsinje wa Niger, komanso nkhalango ya Pic de Fon ndi kwawo kwa achimpanzi amene atsala ochepa kwambiri. Mukasenda phiri lotero nyengo ya mvula, madzi amene amayi amatunga kumunsi amabwera ofiira ngati mwasungunuliramo njerwa.

Anthu a ku Guinea saiwalanso za bauxite, mwala wopangira aluminiyamu, dziko lawo lili m'gulu la otsogola pogulitsa kunja koma anthu a ku Boké kumene amakumba anachita kulowa mumsewu mu 2017 kudandaula kusowa kwa magetsi ndi madzi. Boma pano lili ndi pologalamu yotchedwa Simandou 2040 yolonjeza kuti ndalama za chitsulo zidzapita ku sukulu, ulimi ndi misewu. Ine chimene ndidzayang'anire ndi chakuti mayi wa ku Kérouané adzathe kukweza mpunga wake pa sitimayo kukagulitsa kunyanja monga analonjezera.

FUNSO: Kodi malata ndi zitsulo zomangira zitchipa kuno chifukwa cha mgodiwu? Mnyamata womanga nyumba, Lilongwe.

YANKHO: Musadikire zimenezo achimwene. Miyalayi ikupita yosasungunula, yambiri ku China, ndipo ngakhale itatsitsako mtengo pa msika wa dziko lonse, pofika pa hadiweya ya ku Area 2 mtengo wa lata umatsatira kwambiri mphamvu ya kwacha, kupezeka kwa ndalama zakunja ndi mtengo wa thiransipoti. Ngati ndalama ya malata yakwana, kaguleni mufolere mvula isanayambe.